ALANDILODI SI KHOTHI

Atsikana anzanga, asisi, amayi, ya lero ndi yaitali koma musaidumphe. Ambiri a ife tikugona m'nyumba za eni, ndiye nkhaniyi ndi yathu tonse.

Lachiwiri lapitali, dzuwa litangolowa, foni yanga inalira. Anali mtsikana wina wa pa boma pano pa Karonga, wa geni ya zitenje, amene amakapikula ku Kyela n'kumagulitsa mumsika. Dzina sinditchula, koma wandilola kuti ndilembe. Pobwera ku geni anapeza nyumba yake ilibe chitseko. Si akuba ayi. Chitseko chinamasulidwa bwinobwino n'kukasungidwa kunyumba yaikulu, kwa alandilodi. Matiresi, mbaula, katundu wa geni, zonse zili poyera, udzudzu ukungolowa mmene ukufunira, mwana wa zaka zinayi ali pakhonde akufunsa kuti, "Amama, tigona bwanji?"

Mlandu wake? Akuti waphwanya pangano. Pangano lake liti? Mchimwene wake wa bere limodzi anachokera ku Chitipa kudzaonana ndi adokotala, ndiye anagona pabalaza masiku atatu. Alandilodi akuti pamalo pawo safuna "amuna olowa ndi kutuluka". Anamupatsa masiku atatu kuti asamuke. Lendi analipiriratu ya miyezi itatu, wangokhalapo mwezi umodzi ndi theka, koma akuti ndalama yotsalayo sabweza chifukwa wolakwa ndi iyeyo.

Pa zonsezi, chinandibaya mtima ndi funso lake. Anati, "Asisi, simukudziwako kanyumba kotchipa cha ku Malema?" Anali atagonja kale. M'mutu mwake munalibe ngakhale ganizo loti mwina amene aphwanya lamulo ndi alandilodiwo.

Ndiye ndinene poyera, aliyense amve. Munthu akakunena kuti waphwanya pangano, chimenecho ndi chinenezo chabe, chigamulo sichinaperekedwe. Pa mkangano wa nyumba, alandilodi ndi mbali imodzi, iwe ndiwe mbali inayo. Sizingatheke kuti wodandaula akhale yemweyo, mboni yemweyo, woweruza yemweyo, wokutulutsira katundu panja yemweyonso. Ngakhale kwa amfumu sizitero.

MILANDU YOMWE IMAGWERA AKAZI OKHA

Pa ntchito yanga yoyenda m'madera ndamva "kuphwanya pangano" kwamitundumitundu. Wina akuti amabwera usiku, chonsecho ndi namwino wa shifiti. Wina akuti watenga mimba asanakwatiwe, aononga ana a pamalo. Wina akuti amavala kabudula pakhomo, ndi kutentha kwa Karonga kuno mwezi wa Novembala, eti. Wina amakazinga mandasi m'mamawa, akuti wasandutsa nyumba fakitale. Wina ana ake akuti amasokosa. Ndipo alipo ambiri, ambiri ndithu, omwe mlandu wawo weniweni ndi woti alandilodi anagogoda usiku "kudzaona mita", iwo n'kukana kutsegula. Sabata yotsatira n'kumva kuti ndi amwano, alibe khalidwe, asamuke.

Tsono taonani chipinda choyandikana nacho. Mukukhala mnyamata. Lachisanu walowa ndi uyu, Loweruka ndi wina, nyimbo mpaka tambala woyamba. Alandilodi amangoseka, "Ndi mwamuna ameneyo." Mwamvapo kangati kuti mnyamata wachotseredwa chitseko chifukwa cha alendo?

Komanso tidzifunse, malamulo amenewa tinagwirizana liti? Tsiku lolowa m'nyumba ambiri timakambirana zinthu zitatu basi: lendi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti, madzi ndi mayunitsi tizigawana bwanji. Za alendo, za zovala, za nthawi yofikira pakhomo, palibe amazitchula. Malamulo amenewo amabadwa tsiku lomwe alandilodi atopa nawe. Akulu anati fisi akafuna kudya ana ake amayamba wanena kuti akununkha mbuzi.

NJALA YA FISIYO IKUCHOKERA KUTI?

Ndi ndalama, asisi. Nyumba pa Karonga ndi zochepa, ozifuna ndi ambiri. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 40,000 m'tauni ino. Pofika kalembera wa 2018 tinali tadutsa 60,000. Mu 2009 kampani ya Paladin inatsegula mgodi wa uranium ku Kayelekera, ndipo funsani aliyense amene ankachita lendi pa boma nthawi imeneyo akuuzeni mmene mitengo inakwerera. Disembala chaka chomwecho zivomerezi zinagwetsa ndi kung'alula nyumba zambirimbiri. Mtsinje wa North Rukuru ukasefukira, mabanja ena amathamangira kofuna lendi. Mgodi uja unaima mu 2014, koma mu 2025 kampani ya Lotus Resources yauyambitsanso. Kuwonjezera apo pali boda ya Songwe ndi amalonda, madalaivala ndi ma ejenti ake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera, eni nyumba nawo n'kufuna kukweza lendi.

Tsono alandilodi akapeza munthu wolonjeza ndalama zambiri, ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yachilungamo: kukupatsa notisi yokwanira, kudikira, kubweza ndalama yako yotsala. Yachiwiri ndi yachidule: kukupezera mlandu, utuluke m'masiku atatu, ndalama yomwe unalipiriratu itsale m'thumba mwawo, winayo alowe alipirenso miyezi itatu. Chipinda chimodzi, lendi kawiri. Ndipo mlandu wosavuta kupeka pa mkazi wokhala yekha timaudziwa tonse. Angonena mawu amodzi aja, "hule", basi anthu oyandikana nawo asiya kufunsa mafunso, iwe mwini manyazi akugwira, ulongedza usiku kuti anthu asakuone. Manyazi athuwo ndi amene akuwapangira phindu.

Nanga n'chifukwa chiyani zimatipweteka kwambiri ife? Kuno kumpoto, kwa Ankhonde ndi Atumbuka, malo amayenda kuchimuna. Ukakwatiwa umapita kwa mwamuna. Banja likatha, kapena bambo akamwalira, kumudzi kwa mwamuna sikukhalanso kwanu, ndipo kwa makolo ako minda ndi mapuloti zili kale m'manja mwa alongo ako. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linaletsa kulanda katundu wa amayi amasiye, inde, koma tonse tikudziwa amayi omwe anachoka ndi chikwama chimodzi. Kwa mkazi wotere, kachipinda ka lendi ndi malo okhawo pa dziko lapansi pomwe kiyi ali m'manja mwake. Munthu wochotsa chitseko cha kachipinda kameneko akudziwa bwino lomwe kuti mayiyo alibe kolowera. N'chifukwa chake amalimba mtima.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Ine si loya, ndipo nkhani iliyonse ili ndi mutu wake, ndiye ukakhala pa vuto kaonane ndi odziwa malamulo. Koma pali zinthu zomwe aliyense wochita lendi ayenera kuzidziwa ngati mmene amadziwira nambala yake ya foni.

Choyamba, pangano la pakamwa ndi pangano. Kusowa kwa pepala sikukusandutsa mlendo wongogonera. Ngati umalipira mwezi ndi mwezi ndipo mwini nyumba amalandira, ndiwe tenanti wa mwezi ndi mwezi, ndipo kuti mgwirizano wotere uthe pamafunika notisi yosachepera mwezi wathunthu. Za masiku atatu, za "pofika mawa ndisakuonenso", zimenezo ndi ukali chabe.

Chachiwiri, munthu sangaphwanye chinthu chomwe sanagwirizane. Amene akunena kuti waphwanya pangano ndi amene ayenera kuonetsa kuti mfundoyo inalipo kuyambira pachiyambi komanso kuti waiphwanyadi. Lamulo la Registered Land Act, lomwe limakhudza malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, limafuna kuti mwini nyumba asanathetse mgwirizano chifukwa cha kuphwanya pangano, alembe notisi yotchula cholakwacho, apereke nthawi yoti chikonzedwe ngati n'chokonzeka, ndipo ngati munthu akukhalamobe, nkhaniyo ipite ku khothi. Khothi likhozanso kumukhululukira tenantiyo n'kumulola kupitiriza kukhala. Palinso mfundo ina yomwe maloya amaigwiritsa ntchito: ngati alandilodi anadziwa za "cholakwacho" koma n'kulandirabe lendi ya mwezi wotsatira, zimatengedwa ngati anachikhululukira. N'chifukwa chake ma meseji a ndalama aja ndi golide.

Chachitatu, ukalipira lendi, nyumbayo pa nthawi imeneyo ndi pakhomo pako. Makoma ndi a alandilodi, koma moyo wa m'katimo ndi wako. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo kusafufuzidwa m'nyumba ndi kusalandidwa katundu. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu. Gawo 28 likuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Gawo 24 ndi lathulathu: akazi ali ndi ufulu wofanana ndi amuna wopanga mapangano ndi kukhala ndi katundu, ndipo asasalidwe chifukwa choti ndi akazi kapena chifukwa choti ali pabanja kapena ayi. Wina asakunamize kuti zimenezi zimangokhudza boma. Gawo 15 likuti ufuluwu uyenera kulemekezedwanso ndi anthu wamba pomwe ukuwakhudza.

Chachinayi, kutulutsa munthu ndi mphamvu ndi mlandu. Penal Code ili ndi mlandu wolowa pamalo mwachiwawa pofuna kuwalanda, kaya ndi kumenya, kuopseza, kuthyola nyumba kapena kubwera ndi chigulu cha anthu, ndipo sizitengera kuti malowo ndi ako kapena ayi. Kuononga katundu wa munthu mwadala ndi mlandu. Kutukwana mkazi ndi cholinga chomuchotsa ulemu ndi mlandu pansi pa gawo 137. Ndipo popeza kuno timakonda kuthamangira mawu oti "mfiti", dziwani kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Chachisanu, ngakhale utakhala ndi ngongole ya lendi, alandilodi alibe chilolezo chotuma adzukulu awo kudzanyamula TV, matiresi kapena katundu wako wa geni. Kugwira katundu chifukwa cha lendi kuli ndi njira yake yodutsa ku ofesi ya Sheriff, ndi mapepala ake. Ndipo njira imeneyo ndi ya ngongole ya lendi, osati ya "khalidwe".

Chachisanu ndi chimodzi, alandilodi ofuna thupi lako m'malo mwa lendi, kapena okuopseza kuti usamuka ukawakana, akuphwanya gawo 6 la Gender Equality Act ya 2013. Chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka zisanu kundende. Lamulo limeneli silinalembedwere ma ofesi okha.

"KOMATU NYUMBA NDI YANGA"

Ndikudziwa kuti eni nyumba nawo awerenga, ndipo ena akwiya kale. Tiyeni tikambirane.

Inde bambo, inde mayi, nyumba ndi yanu. Munavutika, munaumba njerwa, mwina ndi penshoni yanu yonse. Ambiri mwa inu ndi amayi amasiye omwe mukulipirira ana fizi ndi timalendi timeneti, ndipo alipo matenanti okhala miyezi inayi osalipira, oswa mawindo, othawa usiku ndi ngongole ya madzi. Zimenezo n'zoona ndipo sindikuikira kumbuyo aliyense wotero. Atsikana anzanga, lendi ndi ngongole, tizilipira. Ngati unasaina kuti sudzalowetsa munthu wina wa lendi m'chipinda chako, usamulowetse.

Koma pamene munalandira ndalama ya munthu, munamugulitsa ufulu wokhala m'nyumbamo mwamtendere mpaka nthawi yake itatha. Simungadye ndalama n'kusunganso kiyi wa moyo wake. Wogulitsa mpunga wa Kilombero mumsika satsatira kasitomala kunyumba kukamuuza ndiwo zodyera. Ngati tenanti wakulakwirani, muli ndi njira: mulembereni, mpatseni nthawi, akakana pitani ku khothi. Ngati mwangotopa naye kapena mwapeza wolipira zambiri, nenani chilungamo, perekani notisi ya mwezi, bwezani ndalama yake yotsala. Lamulo silikukakamizani kukhala ndi tenanti mpaka kalekale. Chomwe likukana ndi kudziweruzira nokha.

Ena amati khothi limachedwa. N'zoona, limachedwa. Kwa ifenso limachedwa, tikamadikira ndalama ya chithandizo cha ana kwa abambo awo. Koma sitipita kukamasula zitseko za amuna amenewo.

Ena amati, "Pamalo panga pali ana, ndikuteteza khalidwe." Mwana uja wa zaka zinayi amene anagona m'nyumba yopanda chitseko, iye si mwana? Waphunzira khalidwe lanji usiku umene uja? Ndipo ngati ndi khalidwe, bwanji limayang'ana chipinda cha mkazi chokha?

Ena, ndipo awa ndi azakhali athu ndi amayi anzathu a kumpingo, amati, "Ukanakhala pabanja sizikanakuchitikira." Mawu amenewa amandiwawa chifukwa muli kachilungamo kowawa mkati mwake: alandilodi amaopadi mwamuna. Koma tamverani zomwe mukunena. Mukuti mkazi azikhala m'banja, ngakhale lomenyedwa, kuti apeze chitseko. Mu 2005 Malawi inavomereza Maputo Protocol, ndipo gawo 16 la pangano limenelo likuti akazi apeze nyumba zoyenera posatengera kuti ali pabanja kapena ayi. Boma lathu linavomera zimenezo zaka zonsezi zapitazo. Zatsala ndi ife pamakomo pathu.

Ndipo ndisabise: nthawi zambiri wonena kuti "hule" uja ndi mayi mnzathu. Amayi a pamalo akaona kuti bambo akuyang'anayang'ana chipinda cha mtsikana, amathamangitsa mtsikanayo. Amayi, vuto lanu likugona kuchipinda kwanu komweko. Mukachotsa uyu abwera wina, bambowo maso awo ndi omwewo.

ZIKAKUCHITIKIRA, CHITA IZI

1. Moyo patsogolo. Ngati pali zikwanje, miyala kapena anyamata oledzera, tenga ana uchoke kaye. Kuthawa chiwawa sikufafaniza mlandu wawo kapena ndalama yako.

2. Ngati palibe chiwawa, usathamangire kulongedza. Yankha mwaulemu: "Bambo, ndamva. Chonde mundilembere cholakwa changa ndi tsiku lomwe mukufuna ndituluke." Ambiri amabwerera pomwepo, chifukwa bodza limaopa pepala. Akakana kulemba, iwe alembere meseji yobwereza zomwe anena, ndi tsiku lake, n'kuisunga.

3. Usasiye kulipira lendi chifukwa chokwiya. Ukasiya, wawapatsa mlandu weniweni womwe analibe. Lipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Ukapereka pamanja, pakhale lisiti kapena kakope kosainirana. Akakana kulandira, sunga ndalamayo osaidya, ndipo uwalembere meseji kuti ndalama ilipo.

4. Jambula. Chitseko chochotsedwa, loko wachilendo, malata osasulidwa, waya wa magetsi wodulidwa, mpopi wotsekedwa, katundu ali panja. Lemba mndandanda wa zomwe zasowa kapena kuonongeka ndi mitengo yake. Ma meseji achikondi chokakamiza aja usafufute ngakhale akunyanse. Tumiza zonse kwa mnzako wodalirika, foni imatha kutayika kapena kulandidwa.

5. Usasaine pepala lomwe sunaliwerenge, makamaka lonena kuti wavomera kulakwa kapena kuti ndalama yako yotsala wasiya.

6. Usapite wekha. Tenga amayi awiri atatu, pitani kwa amfumu kapena atcheya a m'dera. Nkhani zambiri zimathera pomwepo. Koma dziwa kuti kwa amfumu ndi kokambirana. Ngati zomwe agamula zikukupondereza, khomo la khothi likadali lotsegula.

7. Pakakhala kuopseza, kuononga katundu, kutukwana kapena kukufuna zachiwerewere, pita ku polisi ufunse ofesi ya Victim Support Unit. Ukauzidwa kuti "imeneyo ndi ya civil", yankha mofatsa kuti, "Bwana, za lendi tikakambirana ku khothi, koma ine ndabwera kudzadandaula za kuopsezedwa ndi katundu wanga." Pempha kuti dandaulo lako lilembedwe.

8. Pita ku khothi la majisitireti ufotokozere akalaliki. Akuuza ngati nkhani yako imveke pomwepo kapena ikufunika High Court, yomwe kuno kumpoto ili ku Mzuzu. Ngati ulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwa ndi lamulo kuti ithandize anthu ngati ife. Nkhani za kusalidwa ndi nkhanza zachiwerewere ukhozanso kuzitengera ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti Gender Equality Act ikutsatidwa. Kulinso a Women Lawyers Association.

9. Kwa iwe amene ukufuna nyumba panopa: ngakhale papepala la m'kope, lembani lendi, tsiku lolipira, kutalika kwa notisi, za dipoziti, za madzi ndi magetsi, ndi malamulo onse a pamalo. Funsa kuti, "Pali china chomwe simulola?" Chomwe anene chilembedwe, chomwe sananene asadzachitulutse mawa. Musaine nonse ndi mboni, ujambule pepalalo pa foni.

KOMA TISANAMIZANE, LAMULO LATHU LILI NDI MABOWO

Zonse ndalembazi ndazitola uku ndi uku: pang'ono m'malamulo aakulu, pang'ono mu Penal Code, pang'ono m'malamulo a malo, pang'ono m'zigamulo zakale zomwe tinatengera kwa Angerezi. Mtsikana wa zitenje angazitole bwanji yekha? Chitetezo chomveka bwino chija cha notisi yolembedwa chili m'lamulo la malo olembetsedwa, pomwe ambiri a ife tikuchita lendi pa mapuloti ogulidwa kwa amfumu, opanda pepala lililonse la boma. Ndipo nkhani ikafuna High Court, kuchoka pano kukafika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 200, kukwera Chiweta, thiransipoti yake yokwana lendi ya mwezi. Ufulu woti ukaupeze uyenera kugulitsa mpamba wa geni, ndi ufulu wa anthu olemera.

Abale athu ali ku Joni akudziwa kuti zikhoza kukhala mwina. Ku South Africa gawo 26 la malamulo awo aakulu likunena mosapsatira kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba popanda chilolezo cha khothi. Mu 1998 anakhazikitsa lamulo loletsa kutulutsa anthu mosatsata njira, lomwe limauza khothi kuti liganizire ana, okalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi amayi. Mu 1999 anawonjezera Rental Housing Act, yomwe inabweretsa mabwalo apadera omva madandaulo a lendi kwaulere. Sindikuti kumeneko ndi kumwamba, Amalawi ambiri opanda mapepala amaponderezedwabe. Koma lamulo lilipo, ndi lomveka, munthu akhoza kuliloza ndi chala.

Ndiye zofuna zathu ndi izi.

Aphungu athu a Karonga, tikufuna lamulo limodzi lomveka la eni nyumba ndi ochita lendi, lokhudza nyumba iliyonse, ya pa puloti ya boma ngakhale ya kwa amfumu. Linene kuti popanda chilolezo cha khothi palibe kutulutsa munthu. Linene kuti kuchotsa chitseko, kusasula denga, kudula madzi ndi magetsi pofuna kuthamangitsa munthu ndi mlandu. Linene za kubweza dipoziti. Libweretse bwalo la madandaulo a lendi pa boma lililonse, losafuna loya. Munabwera kudzapempha mavoti m'misika momwe tikugulitsa. Ambiri mwa omwe anakuvoterani m'tauni muno ndi a lendi.

Akhonsolo, simukufunika kudikira Nyumba ya Malamulo. Konzani pepala limodzi la pangano la lendi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, lizipezeka pa ofesi ya msika ndi kwa atcheya a madera. Likatetezanso eni nyumba kwa matenanti achinyengo.

Apolisi, mayi akabwera ndi chithunzi cha nyumba yopanda chitseko ndi mwana kumsana, musamubweze ndi mawu oti "civil".

Mafumu athu, kuyambira kwa a Kyungu mpaka nyakwawa ya m'mudzi, tikudziwa kuti mwini puloti ndi mbadwa yomwe mumaidziwa, pomwe wa lendi ndi wobwera. Koma wobwerayo ndi mwana wa munthu. Imvani mbali zonse musanagamule.

Ndipo ife tomwe, oyandikana nawo. Katundu wa mnzathu akamaponyedwa panja timaima pa mpanda, manja m'chiuno, ena kujambula kuti akaseke pa WhatsApp. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tulukani, imani pakhomopo, funsani funso limodzi lokha: "Pepala la ku khothi lili kuti?" Amayi asanu ofunsa funso limeneli amaposa loko aliyense.

Mukufuna kudziwa za mtsikana uja? Usiku umene uja anagona kwa mnzake ndi mwana, katundu wa geni tinamusungitsa. M'mawa tinapita amayi asanu ndi atcheya a m'deralo. Sitinatukwane, sitinakweze mawu. Tinaonetsa ma meseji a ndalama, n'kupempha alandilodi kuti ationetse pomwe panalembedwa kapena kunenedwa za alendo. Anayankha kuti, "Zimenezo munthu amangodziwa." Atcheya anapukusa mutu. Pofika masana chitseko chinali chabwerera. Mwini wake wasankha kuti adzasamukabe, chifukwa pamalo pomwe wachitidwa chipongwe chotere mtima sukhalanso m'malo. Koma adzatuluka miyezi yomwe analipira ikatha, masana dzuwa likuswa mtengo, atapeza nyumba ina modekha, ndipo zalembedwa n'kusainidwa.

Sikuti tapambana kwenikweni. Alandilodiwo sanapepese, ndipo chipindacho mudzalowa mtsikana wina yemwe sakudziwa kalikonse. Mwina ndi mng'ono wako, mwina ndi iwe amene ukuwerenga. N'chifukwa chake ndalemba.

Lero lomwe, fufuza ma meseji ako a lendi uwasunge pabwino. Mutumizire nkhaniyi mnzako wa lendi, ndipo amene sadziwa kuwerenga umuwerengere. Ngati zinakuchitikirapo, tiuze mmene zinathera, osatchula maina a anthu, kuti aphungu aone kuti si nkhani ya mtsikana mmodzi.



#AlandilodiSiKhothi #PepalaLaKhothiLiliKuti #Karonga